Timabokosi Tobisika mu Joni ndi Chipepeso cha Bambo

Ku Doornfontein, mu Joni, tinkakhala m'chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo yopikulitsa mabulangete. Masitepe ake ankanunkha palafini ndi anyezi wokazinga, ndipo pansi pa chipindacho pankanjenjemera tsiku lonse chifukwa cha makina a m'fakitale yoyandikana nafe, mmene amayi ankasokerera mabatani pa malaya. Bambo ankagwira ganyu yotsitsa mabelo m'malole. Ine ntchito yanga inali kupita kusukulu, kubwerako, n'kutsamira pawindo kuonerera nkhunda zikulimbirana nyenyeswa padenga la eni.

Tinafika kumeneko mu 2008 tikuthawa ku Alexandra, dera lina la mu Joni momwemo, anthu atayamba kuthamangitsa obwera. Za tsikulo ndimakumbukira zochepa: utsi, nsapato yanga imodzi, ndi chikhatho cha bambo chitanditseka pakamwa. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza kalekale kukagwira ntchito kumigodi, ndipo bambo anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe. Ku Zimbabweko ankawatcha obwera, ku Malawi anali asanapondeko, mu Joni analibe pepala lililonse. Kwawo kwenikweni kunali m'kamwa mwawo, m'Chichewa chimene anachiyamwira pa komboni.

Koma chiyambire kuthawa kuja, bambo anaika lamulo loti Chichewa chizitsala m'nyumba. Ankati kwa eni kulibe mkuwe. Dzina langa ndine Thandizo, koma kusukulu ndinali Thandi, ndipo wina akafunsa kwathu ndinkati ku Limpopo, kutali kumene palibe amene angakafunse. Anandilowezetsa pamtima ngakhale dzina la chigongono m'Chizulu, popeza ndilo limene achiwembu ankayesera anthu pamsewu. Ine Chizulu chinkatuluka bwinobwino, koma cha bambo chinali chosakanikirana ndi chinenero cha kumigodi chimene anatolera kwa atate awo, choncho panja sankayankhula n'komwe. Ankangogwedeza mutu ndi kuloza. Tonse tinkadziwa kuti tsiku limene anthu adzatidziwe ndilo tsiku lomanganso katundu, ngati mpata womanga udzapezeke.

Malo okhawo amene ankandilola kupita kupatula kusukulu ndi kutchalitchi anali kulaibulale ya ana m'tauni, Loweruka m'mawa. Kumeneko ndi kumene ndinadziwira mabuku a mayi wina amene ankalemba nkhani za ana n'kujambula yekha zithunzi zake. Ana tonse tinkangomutcha Gogo Wazithunzi. Mabuku ena anali ndi chipale chofewa ndi nyumba zamachumuni zimene sitinkazidziwa, koma ake anali ndi mataxi, amayi ootcha chimanga m'migolo yodula, ndi nkhunda ina yonenepa yovala chisoti chaubweya imene inkasochera m'buku lililonse. Mapepala ake anali atafewa ndi zala za ana mpaka kumamveka ngati nsalu. Ndinkawanunkhiza ndisanayambe kuwerenga, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Chaka chimene ndinali m'giredi yachisanu, Gogo Wazithunzi anamwalira m'nyengo yozizira. Mitengo ya jakaranda itayamba kuchita maluwa, a kulaibulale analengeza kuti akonza masewera omukumbukira. Anabisa timabokosi m'malo enieni amene mayiyo anawajambula m'mabuku mwake, ndipo ana ankayenera kutifuna potsatira foni yodziwa kuloza malo. Ukapeza kabokosi, utengemo kanthu, usiyemo kako, n'kukabwezera pomwe unakapeza mosaonetsera odutsa. Dzina la masewerawo pa Chingerezi ndi geocaching, koma bambo linawakanika lilime, ndipo ankangoti kusaka mbewa kwa azungu.

Amene anabwera kudzandipemphera chilolezo anali Anti Tiyamike, mtsikana wa ku Zomba amene ankaphunzira ku yunivesite ndipo tinkapemphera naye limodzi. Loweruka ankathandiza kutiwerengera mabuku. Iye anali ndi chidindo m'pasipoti mwake, choncho Chichewa chake chinkamveka kuyambira pansi pa masitepe, ndipo bambo akachimva ankatsinzina ngati awaponda chala. Anakhala pampando wathu umodzi uja n'kufotokoza zonse, bambo akukana ndi mutu. Munthu wopanda mapepala kumapisa manja m'mipanda ya eni masana, apolisi ali ponseponse, chimenecho si kudziitanira tsoka? Ine ndinali nditayamba kale kulira pakona.

Kenako Anti ananena mongodutsa kuti pamapeto pake onse akasonkhana kupaki, ndipo mwamuna wa malemuyo akakhalapo. Bambo anasiya kupukusa mutu. Anafunsa kuti mayiyo anamwalira liti, ngati anasiya ana, ndiponso ngati bamboyo akukhala yekha. Anti anayankha zimene ankadziwa, zoti ana analibe. Kenako bambo anati ine ndipita, koma iwo atsagana nane. Anangopempha kuti Anti ayankhule Chingerezi chokha tsiku lonse, chifukwa m'gulu lathu munalinso Lerato, mnzanga wa pabenchi limodzi, amene ankadziwa kuti ndine Thandi wa ku Limpopo.

Tsikulo kunacha ndi dzuwa loswa mtengo, koma bambo anatuluka atavala jekete yawo yakuda ya kutchalitchi ndi chipewa. Amayi anandithira mabatani odzaza chikhatho m'thumba kuti ndizikasiya m'timabokosimo. Tisanafike kulaibulale, bambo analowa m'kasitolo ka bambo wina wachisomali n'kugula paketi ya shuga, n'kuinyamula m'jumbo. Ndinangoti ndi wa kunyumba, ngakhale ndinadabwa kuti munthu angayende ndi shuga mzinda wonse pamene sitoloyo ili pakhomo.

Foni ya Anti inali ndi kamuvi kamene kankatembenuka tikatembenuka. Anatiuza kuti kumwamba, kupitirira mitambo ndi ndege, kuli zitsulo zimene zimazungulira dziko, ndipo ndizo zikuuza foniyo pamene taima. Ndinayang'ana kumwamba pakati pa nyumba zitalizitali, sindinaone kanthu koma mtambo woyera. Zaka zonsezo tinkayenda mozemba kuti munthu asatione, ndiye lero akuti kuthambo kuli chinthu chodziwa kuti Thandizo waima pakona pa sitolo ya nsapato. Bambo anaukankhira pansi mlomo wa chipewa chawo.

Kamuvi kanatifikitsa pamtengo waukulu m'mbali mwa bwalo lina laling'ono. Pansi ponse panali pofiirira ndi maluwa, ndipo tikaponda ankaphulika pansi pa nsapato. Anti anatsegula buku n'kutiuza kuti tiyerekeze. Mtengo wa m'chithunzi unali womwewo, nthambi yake yopindika ngati mkono, ngakhale benchi lothyoka mwendo linali pomwepo. Ndinayang'ana buku, ndinayang'ana mtengo, ndinayang'ananso buku. Kufikira tsiku limenelo ndinkaganiza kuti za m'mabuku zimachokera m'mutu mwa wolemba. Sindinkadziwa kuti mayi wachikulire anakhalapo pano ndi pensulo, pamsewu womwe ife tinkadutsa titaweramitsa mitu, n'kuona kuti mpofunika kujambula.

Lerato ndiye anaona kanthu kokulungidwa ndi tepi wakuda pakati pa mizu. Nditangotambasula dzanja, bambo anandigwira pamkono mwamphamvu n'kundikokera kumbuyo. Anawerama ngati akundimanga chingwe cha nsapato, n'kundinong'oneza m'khutu: "Zokwirira patsinde pa mtengo sitigwira ndi manja, iwe." Anatola kamtengo n'kuyamba kukatokosa kanthuko chapatali, nkhope ili gwaa, ngati munthu wotulutsa njoka kuuna. Lerato anaseka mpaka kugwira m'mimba, akuti bambo ako akuopa akangaude. Kabokosiko katatseguka munalibe tsitsi la munthu kapena mizu, munali timakhadi ta zithunzi, mabulo awiri ndi kagalimoto kopanda tayala. Bambo anasuzumiramo, anapumira m'mwamba, n'kutaya kamtengo kaja mwaulemu. Ndinatenga khadi la nkhunda ija n'kusiyamo batani lofiira.

Kuyambira pamenepo mzinda unasintha m'maso mwanga. Joni amene ndinkamudziwa anali wa malo oyenera kuwapewa, koma tsopano paipi iliyonse ya madzi, njerwa iliyonse yogwedera, inkaoneka ngati yasunga kanthu. Tinadutsa pa renki ya mataxi, mahutala akulira, fungo la nyama yootcha likusakanikirana ndi la dizilo, ine ndikungoyang'ana m'ming'alu. Anthu ambirimbiri ankadutsana ndi timabokosito tsiku ndi tsiku osadziwa, ndipo ife ana awiri tinkadziwa.

Kabokosi kachiwiri kanali pansi pa mlatho wa oyenda pansi pafupi ndi siteshoni ya sitima, kokanirira kuchitsulo ndi maginito, pamwamba poti ana sangafikepo. Anti nayenso anali wamfupi. Bambo anayang'ana uku ndi uku, anaika jumbo pansi, n'kuimirira ndi zala kuyamba kupapasa. Apo ndi pamene mlonda wa siteshoni anatulukira, ndodo m'manja, wailesi ikulira paphewa, n'kufunsa m'Chizulu kuti mdala ameneyu akufuna chiyani kumeneko. Bambo anauma dzanja lili m'mwamba. Ndinaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu lawo kulowa m'kolala, ndipo ndinadziwa kuti akangotsegula pakamwa zathu zada.

Anatipulumutsa ndi Lerato, amene pakamwa pake sipankatsekeka ngakhale m'kalasi. Anamutsekulira mlondayo buku pamphuno n'kumulongosolera zonse mosapumira, ndipo ponena za bambo anangoti sayankhulayankhula, ndi mmene alili. Mlondayo anayang'ana chithunzicho, mlatho wake womwewo uli ndi nkhunda yachisoti pamwamba, n'kuseka, akuti mwana wake ali nalo buku limeneli. Anakweza ndodo yake n'kukagwetsa kabokosiko. Titachokapo, ndinayembekezera kuti bambo anena ndi maso kuti tibwerere. Anangotola jumbo yawo n'kutsatira kamuvi.

Kachitatu kanandidabwitsa kuposa tonse, chifukwa kamuvi kanatibweza mpaka mumsewu wathu womwe. Kanali kuseri kwa chikwangwani chakale pakhoma la fakitale ya amayi. Chithunzi chake ndinali nditachiona kambirimbiri osachizindikira, popeza anachijambula kale, nyumba yathu isanasuluke utoto. Koma nditaima potsidya pa msewu n'kuwerenga mawindo, ndinalipeza lathu, lachitatu kuchokera kukona. M'chithunzimo linali lotsegula, kamwana kena katatsamira pamenepo kakuyang'ana nkhunda. Si ine, ndinali ndisanabadwe. Sindikanatha kumuuza Lerato kuti apa ndi pathu, popeza sitinkalola munthu kudziwa khomo lathu. Ndinangowaonetsa bambo ndi chala. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anapukuta chala chawo pajekete asanakhudze pepalalo.

Kotsiriza kanali pamwamba pa chitunda cha ku Yeoville. Tinakwera m'kanjira ka miyala, udzu wouma ukutibaya m'miyendo, tikudutsa magulu a anthu ovala zoyera amene amapemphera kumeneko. Ena ankapemphera m'Chishona, ndipo ndinaona bambo akuchedwetsa phazi pang'ono, kenako n'kupitirira osapereka moni. Titafika pamwamba ndinaiwala zoti tikufuna kabokosi. Joni yense anali pansi pathu. Nyumba zitalizitali zimene zinkandiphimba kumwamba zinali ngati zitini zoimikidwa pashelefu, sitima ikukwawa pakati pake, misewu yonse yakumpoto itafiirira ndi jakaranda mpaka kumene maso amalekeza. Kummwera kunali milu yachikasu ya dothi la m'migodi, yaikulu ngati mapiri koma yosalala pamwamba. Anti anatiuza kuti dothi lonselo analitulutsa pansi ndi anthu. Bambo anaima akuyang'ana miluyo mphepo ikuwakupiza jekete, ndipo ine ndinadziwa kuti akuganiza za atate awo. Ndinali ndisanaonepo chinthu chachikulu chotero, ndipo ndinachita mantha okoma amene sindinawamvenso mpaka lero.

Kabokosi anakapeza ndi Lerato pansi pa mwala wafulati. Munali kapepala kotiuza kuti titsikire kupaki, ndipo tinatsika tikuthamanga, bambo akubwera pambuyo ndi shuga wawo.

Kupakiko kunali chisangalalo chenicheni. Kunali mabaluni, nyimbo pa zokuzira mawu, ana opakidwa utoto kumaso, ndi munthu wina wovala ngati nkhunda amene ankavina thukuta likuchita kudontha pansi pa mlomo wake wa katoni. Agogo ake a Lerato, amene sanakwere nafe chifukwa cha maondo, anali atayala bulangete ndi mabanzi. Pansi pa mtengo wina panali mpando, ndipo pampandopo panakhala nkhalamba yachizungu yowonda, tsitsi lili mbuu, itafumbata kachitini ka mapensulo pamiyendo. Ameneyo ndiye anali mwamuna wa Gogo Wazithunzi. Anthu ankabwera kudzajambulitsa naye, kumugwira paphewa, kumuuza kuti lero ndi tsiku losangalala. Iye ankamwetulira foni ikakwezedwa, ikatsika nkhope n'kubwerera mwakale.

Ndinali ndi banzi m'kamwa pamene bambo anandikodola. Anavula chipewa, anamanga mabatani onse a jekete, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulunjika kumpando uja, ine pambuyo. Atatsala pang'ono kufika ananjuta, kenako anakhala pansi pa kapinga, chammbali mwa nkhalambayo, miyendo atapinda, maso pansi. Anandiloza kuti nanenso ndikhale. Sanapereke moni. Apo m'pamene ndinazindikira za jekete ndi shuga uja, ndipo manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Anzathu onse anabwera kuphwando, bambo anga okha anabwera kudzapepesa maliro.

Tinakhala chete nthawi imene kwa ine inali ngati chaka. Amene anali pamzere wojambulitsa anayamba kuyang'anana. Mtsikana wa kulaibulale anabwera ndi mpando poganiza kuti bambo atopa, koma Anti Tiyamike, amene anali atamvetsa, anamubweza ndi dzanja, iye mwini n'kugwada cha kumbuyo kwathu. Lerato anafika n'kuima pafupi, banzi lili m'manja. Nkhalamba ija inkatiyang'ana modabwa, koma siinafunse.

Kenako bambo anaomba m'manja mofatsa katatu, n'kutsegula pakamwa. Anayankhula Chichewa, osati monong'ona, koma ndi mawu awo onse, amene ndinali ndisanawamve panja chichokere ku Alexandra.

"Thandizo, uwauze bambowa kuti zovuta zimene zinawagwera tinazimva. Uwauze kuti ife ndife Aphiri, kwathu ndi ku Malawi, ngakhale ine ndinabadwira ku Zimbabwe. Tachedwa kubwera chifukwa uthenga unatipeza mochedwa."

Ndinawayandikira n'kunong'ona kuti: "Ababa, Lerato akumva. Anthu onse akumva."

"Pamaliro munthu sanama kwawo, mwana wanga. Nena."

Ndinanena. Ndinatchula Malawi, ndinatchula Zimbabwe, m'Chingerezi cha kusukulu, anthu atatizungulira. Sindinayerekeze kuyang'ana kumene kunali Lerato. Bambo anapitiriza, ine ndikutsatira pambuyo. Anati mayi amene anatisiyawa ankawalerera mwana Loweruka lililonse popanda kumuona nkhope, ndipo munthu wokulerera mwana ndi mbale wako. Anati lero aona ndi maso awo kuti mayiwa ankayenda m'misewu ya anthu osauka n'kumaiyang'ana bwino. Anati maliro n'kulirana. Kenako mawu awo anatsika, n'kunena chimene ndinkachidziwa koma chimene sichinkatchulidwa m'nyumba mwathu: kuti amayi awo anamwalira pa famu chaka chathachi, ndipo iwo sanapite, chifukwa akanaoloka malire sakanatha kubwereranso kwa ife. Anati amadziwa mmene nyumba imakhalira anthu akabalalika. Anatenga shuga uja ndi manja awiri n'kumuika pamapazi pa nkhalambayo, n'kuti: "Pepani, bambo. Pepani kwambiri."

Bambo anakulira pa famu, kumene ankavulira mzungu chipewa chifukwa cha mantha. Ndinali mwana, koma ndinaona kuti uku kunali kuvula kwina.

Nkhalamba ija inayang'ana shugayo. Inayesa kudzuka, maondo anakana, ndipo bambo ndi Anti anaigwira m'manja poganiza kuti ikufuna kuimirira. Koma inkafuna kutsika. Inakhala pa kapinga pambali pa bambo, n'kunyamula shuga uja kumuika pamiyendo pamodzi ndi kachitini ka mapensulo. Inandiuza kuti ndiwauze bambo kuti chimwalirire mkazi wake, aliyense amaiuza kuti mayiyo akadali moyo m'mabuku. "M'mabuku alimodi," inatero, "koma tiyi wam'mawa ndimamwa ndekha." Itatero inalira, kulira kwa munthu wamkulu kopanda phokoso, mapewa okha akugwedezeka.

Wina anazimitsa nyimbo. Mu bata limenelo ndinamva ndodo ikugogoda pansi, ndipo nditacheuka ndinaona agogo ake a Lerato akubwera, atafunda bulangete lija paphewa ngakhale kunkatentha. Mtima wanga unati basi, zayambika. Anaima patsogolo pa anthu aja n'kuwakalipira m'Chizulu, kuwafunsa ngati analeredwa ndi anthu, kuti aimirira chiyani ngati ali pa renki pamene pano pali maliro. Kenako anadzitsitsa pansi movutikira, maondo akulira, n'kukhala pambali panga mpaka phewa lawo kukhudza langa. Ankanunkha sopo wobiriwira ndi fodya wa m'mphuno.

Amayi ena anatsatira, kenako abambo angapo, kenako ana ndi nkhope zawo zopakidwa utoto. Ngakhale munthu wovala ngati nkhunda uja anavula mutu wake wa katoni n'kuukhazika pa udzu. Agogo aja anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, amayi ena anailandira m'Chisutu, ndipo inapezeka kuti ndi nyimbo imene ifenso timaimba. Bambo anailowa m'Chichewa ndi besi yawo, Anti n'kuwathandiza. Maluwa a jakaranda ankagwera pamitu pathu, pajekete yakuda ya bambo, patsitsi loyera la nkhalamba ija, ndipo palibe amene ankawasansa. Ine sindinaimbe. Ndinkangoyang'ana anthu amene ndinaphunzitsidwa kuwaopa atakhala pansi mozungulira bambo anga, akutsatira mwambo umene bambo anauyambitsa, ndipo ndinkaopa kuphethira kuti zingathe.

Sindinganame kuti onse anakhala. Bambo wina anakoka ana ake n'kumapita, ndipo podutsa anatchula liwu lachipongwe limene amatitchulira ife obwera. Lolemba kusukulu nkhani inali itafika kale, ndipo anyamata ena anandiimbira liwu lomwelo pa mpopi. Lerato anandikwiyira masiku angapo, osati chifukwa ndine wa ku Malawi, koma chifukwa anadutsa pansi pa windo lathu ine osamuuza. Atakhululuka anandilamula kuti ndimuphunzitse kutchula dzina langa lonse. Amayi anagona ndi zikwama zomanga kwa kanthawi, kenako tsiku lina anazimasula chifukwa ankafuna poto amene anali pansi. Zaka zotsatira mavuto aja anabukanso kangapo, ndipo tinkakhoma chitseko n'kuzimitsa wailesi ngati kale. Koma bambo sanandiuzenso kuti ndine wa ku Limpopo.

Lero ndine munthu wamkulu, ndipo foni yodziwa malo ili m'thumba mwa mwana aliyense, moti palibe amene amayang'ananso kumwamba modabwa. Mtengo wa pabwalo paja anaudula, sitolo ya mabulangete ikugulitsa matayala, ndipo timabokosi tija sindikudziwa ngati katsalako n'kamodzi komwe. Uthenga wa maliro masiku ano umabwera pafoni, ifenso timayankha pomwepo ndi kachithunzi ka manja opemphera, tili m'taxi, n'kupitiriza ulendo. Nanenso ndimatero nthawi zina, ndipo ndikatero ndimamva ngati ndadya osasamba m'manja.

Bambo akalamba, mabelo anasiya kunyamula, ndipo malire aja sanawaolokebe. Nditayamba ntchito ndinawauza kuti ndiyesetsa kuwakonzera mapepala kuti apite ku famu kuja, akaone pamene anagona amayi awo, akakhale maliro amene sanakhale. Anandithokoza, n'kunena kuti manda akufunadi kukawaona Mulungu akalola. "Koma maliro a amayi ndinakhala kale," anatero. "Unalipo iwe, ndiwe unkamasulira."